Kodi Nyumba Iyenera Kukalamba Motani Kuti Boma Liisunge?

Acinyamata, mukadutsa pa nyumba yakale ya njerwa zootcha imene denga lake lagwa, kodi mumadzifunsa kuti mwini wake wa kuisamala ndani? Funso limeneli lavutitsa maboma m'dziko lathu kwa zaka zoposa 100.

Lamulo loyamba linabwera mu 1912, pa nthawi ya atsamunda. Iwo anasamala makamaka za mapanga ndi zojambula za pa miyala. Mu 1948 anakhazikitsa bungwe losunga zakale. Tisanyoze zonse. Cifukwa ca malamulo amenewa, mapanga a Makwe ndi Mkoma kuno kwathu ku Katete analembedwa m'buku la boma. Pa Makwe, David Phillipson anakumba m'zaka za m'ma 1960 napeza zida za miyala za anthu amene anakhalapo Acewa asanafike. Zojambula zoyera za m'mapanga otere n'zogwirizana ndi cinamwali ndi Nyau.

Kusintha kwakukulu kunadza mu 1989, pamene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa National Heritage Conservation Commission. Lamulo latsopano linateteza nyumba, manda ndi mabwinja, ndipo linaika malire: cimene cinamangidwa tsiku la 1 Januwale 1924 lisanafike n'cotetezedwa, ngakhale palibe cikwangwani. Munthu akapeza cinthu cotere polima kapena pokumba maziko, anauzidwa kuimitsa nchito ndi kudziwitsa bungwelo pasanathe masiku 14.

Tsono taonani pamene pagona nkhani. Mishoni ya Nyanje ku Sinda inayamba mu 1905, motero cipupa ciliconse ca zaka zoyambazo cili m'kati mwa malirewo. Koma cipatala ca St Francis ku Katete cinayamba mu 1948. Kodi agogo anu amene anabadwiramo angavomere kuti m'zipinda zake mulibe mbiri? Nanga masitolo akale a amwenye, masukulu oyamba, nyumba za pa boma? Kalendala iyenda, koma 1924 ili cilili. Nyumba yomangidwa pambuyo pake idikira kuti nduna iilengeze payokha, monga anacitira ndi nyumba nambala 394 ku Chilenje mu Lusaka, mmene Kenneth Kaunda anakhala kucokera mu 1960 mpaka 1962. Si nyumba zonse zimene zinagonamo pulezidenti!

Sinda ndi Vubwi tsopano ndi maboma paokha. Boma latsopano lifuna maofesi, misika ndi mapuloti, ndipo wopima malo safunsa kuti pansi pa mkuyu uja panali bwalo la mfumu iti. Odziwa ndi nkhalamba za m'midzi, koma zimene adziwazo sizinalembedwe. Mukapita kukaona agogo pa holide, tengani kope ndi pensulo, muwafunse kuti calichi coyamba cinali pati, ndi kuti njerwa zake anaumba ndani.