Linga, nyumba ya zakale ndi matchalitchi pa njira yodzera ku Milange

Boma la Milange, m'chigawo cha Zambézia ku Mozambique, lili pa njira yakale ya malonda imene inkachokera kunyanja ya Malawi, n'kudzera m'munsi mwa phiri la Mulanje, mpaka kudoko la Quelimane. Kuchoka pachipata cha Muloza, pamalire a Malawi ndi Mozambique, kupita ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo kutsikira ku Quelimane kudzera ku Mocuba ndi makilomita oposa 300. M'mizinda yakale ya ku Italy, monga Milan, mlendo amatha kuona linga la Sforza, zakale zosungidwa m'kati mwake ndi tchalitchi cha Duomo m'mawa umodzi, akuyenda wapansi. Kuno nyumba zoterezi zinamwazikana m'mayiko awiri, koma zonse zimakamba nkhani imodzi: ya akapolo, minyanga ya njovu, amishoni ndi malire amene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891.

Linga la Fort Lister

Pakati pa phiri la Mulanje ndi la Mchese, m'boma la Phalombe, pali mpata umene magulu a amalonda ankadutsapo ndi akapolo omangidwa m'magoli. Mafumu achiyao monga Matipwiri ndi Mtiramanja ndiwo ankalamulira njira za m'derali. Pofuna kutseka mpatawo, boma la atsamunda lotsogozedwa ndi Harry Johnston linamangapo linga mu 1893 n'kulitcha Fort Lister. Chaka chomwecho linamanganso Fort Anderson kumwera kwa phiri la Mulanje, ndipo dzinali linakhala la boma la Mulanje kwa nthawi ndithu. M'malingawa munkakhala asilikali achisiki ochokera ku India pamodzi ndi asilikali achikuda. Mphamvu za mafumu aja zinathyoledwa pa nkhondo za mu 1895, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 linga la Fort Lister linasiyidwa.

Lero mlendo amapeza mabwinja a makoma, maziko a nyumba ndi manda, kuphatikizapo a Gilbert Stevenson, msuweni wa mlembi Robert Louis Stevenson. Chachikulu choona pamalopa ndi mpata weniweniwo: munthu akaima pamenepo, mapiri atamutsekera uku ndi uku, amamvetsa chifukwa chake asilikali owerengeka ankatha kuletsa gulu lonse la amalonda.

Blantyre: Mandala, Chichiri ndi St Michael

Nyumba ya Mandala inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, imene ankaiyendetsa abale awiri, John ndi Frederick Moir. Dzinali linachokera ku mandala amene John ankavala. M'chipinda chapamwamba muli laibulale ya Society of Malawi, momwe mumasungidwa mabuku, mapu ndi zithunzi zakale.

Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Chichiri inatsegulidwa mu 1966. M'kati muli zida za makolo, zinthu za nthawi ya ukapolo ndi ya amishoni, komanso mwala umene unagwa kuchokera kumwamba ku Machinga mu 1981. Pabwalo pali injini ya sitima yoyendera nthunzi ndi magalimoto akale, zimene ana asukulu amakonda kuzungulira.

Tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Anachikonza ndi m'busa David Clement Scott, amene sanaphunzirepo za umisiri wa zomangamanga, ndipo omanga ake anali anthu akomweko amene anaumba ndi kuwotcha njerwa pafupi ndi malowo. Nsanja zake ziwiri sizofanana, ndipo njerwa zake n'zamaonekedwe ambirimbiri. Si likulu la bishopu ayi. Ndi cha mpingo wa CCAP, Sinodi ya Blantyre. Scott yemweyo ndiye analemba buku lomasulira mawu a Chimang'anja limene linatuluka mu 1892.

Tchalitchi chakale cha ku Quelimane

Kumathero a njirayi kuli Quelimane, m'mbali mwa mtsinje wa Bons Sinais. Dzina la mtsinjewu anaupatsa ndi Vasco da Gama mu 1498, ataona zizindikiro zoti ali pa njira yabwino ya ku India. Pagombe pake pali tchalitchi cha Nossa Senhora do Livramento, chomangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, chimene anthu amachitcha Catedral Velha. Chili ndi nsanja ziwiri zoyang'ana kumtsinje. Dayosizi ya Quelimane itakhazikitsidwa mu 1954, chinakhala mpando wa bishopu, kufikira pamene chatsopano chinamangidwa m'zaka za m'ma 1970. Chakalecho chinakhala nthawi yaitali chili chowonongeka, koma pambuyo pake chinakonzedwanso.

Doko limeneli linali khomo lotulukira ndi lolowera. Akapolo ambiri anakwezedwa zombo pano kupita ku Brazil ndi kuzilumba za m'nyanja ya India. David Livingstone anafikapo mu May 1856, atadutsa Africa kuchokera ku Luanda. Amishoni oyamba a ku Blantyre ndi katundu wa kampani ya African Lakes ankalowera pano, n'kukwera mtsinje wa Kwakwa, kenako Zambezi ndi Shire, kufikira pamene njira ya ku Chinde inadziwika mu 1889.

Kayendedwe

Nyengo yabwino ndi ya chilimwe, kuyambira May mpaka October, chifukwa msewu wa ku Fort Lister umavuta m'dzinja. Wowoloka pa Muloza ayenera kukhala ndi chiphaso choyendera, ndiponso kwacha ndi metikali. Ku Quelimane anthu ambiri amayenda pa njinga za kabaza. Chichewa chimamveka kuyambira ku Blantyre mpaka ku Milange, kumene chimayankhulidwa limodzi ndi Chilomwe. Kupitirira Mocuba, mlendo amadalira Chipwitikizi ndi Chichuwabo.