Malonda a pa tsoka: mbiri ya mkangano wa mitengo namondwe akadutsa

Mu Ogasiti 2004 namondwe wotchedwa Charley adasakaza dera la Florida ku America, magetsi n'kuthima m'makomo ambiri nyengo yotentha ili pachimake. Mphepo itangoleka, malonda adasintha nkhope. Thumba la madzi oundana lomwe linkagulidwa pa madola 2 lidafika pa madola 10, ndipo jenereta ya madola 250 ena ankaitsatsa pa 2,000. Ofesi ya Charlie Crist, yemwe panthawiyo adali loya wamkulu wa boma la Florida, idalandira madandaulo oposa 2,000.

Pomwe Crist ankathamangitsana ndi amalondawo, katswiri wa zachuma Thomas Sowell adalemba zowaikira kumbuyo. Iye adati mtengo ukakwera anthu amagula zokhazo zimene akufunikiradi, banja lomwe likadatenga zipinda ziwiri pahotela limapanikizana m'chimodzi n'kusiyira anzawo chinacho, ndipo amalonda akutali amamva fungo la phindu n'kubwera ndi katundu. Michael Sandel wa payunivesite ya Harvard adatsegulira buku lake la 2009, Justice, ndi mkangano womwewu.

Komatu nkhaniyi ndi yakale kuposa America yemwe. M'chaka cha 44 Yesu asanabadwe, Cicero wa ku Roma adapereka chitsanzo cha wamalonda amene wachoka ku Alexandria ndi ngalawa yodzaza tirigu n'kufika pachilumba cha Rhodes komwe kuli njala. Iye yekha ndiye akudziwa kuti ngalawa zina zili m'njira. Kodi awauze anthu anjalawo, mtengo ugwe, kapena akhale chete agulitse modula? Cicero adati kubisa zotere n'kosayenera munthu woongoka. Patapita zaka zoposa 1,200, katswiri wa zaumulungu Thomas Aquinas adaona mosiyana pang'ono: wamalondayo sadalakwire chilungamo akagulitsa pa mtengo wa tsikulo, ngakhale akadachita bwino koposa akadaulula.

Mafumu nawo adayesapo chikwapu. Mu 301 mfumu Diocletian idaika malire a mitengo ya zinthu zoposa 1,000 mu ufumu wa Roma, wophwanya lamulo chilango chake imfa. Mlembi wina wa nthawiyo, Lactantius, adati katundu adangozimiririka m'misika. Akatswiri a zachuma amakonda kukumbutsa chitsanzo chimenechi mpaka lero.

Malamulo amakono adayambira ku New York mu 1979, mafuta otenthetsera m'nyumba atasowa nyengo yozizira. Florida idakhazikitsa lake mu 1992 namondwe Andrew atadutsa: boma likalengeza za ngozi, mtengo umayerekezedwa ndi wa masiku 30 am'mbuyomo. Ku California wogulitsa saloledwa kukweza kupitirira 10 peresenti pokhapokha ataonetsa kuti nayenso wapikula modula. Lero zigawo zambiri za America zili ndi malamulo otere.

Lamulo likagwira munthu wolakwika, zimaoneka. Mu 2005, namondwe Katrina atagwetsa mawaya a magetsi, bambo wina wa ku Kentucky adagula majenereta 19, n'kubwereka galimoto, n'kuyenda mtunda wa makilomita pafupifupi 1,000 kupita ku Mississippi kuti akagulitse pa mtengo wowirikiza kawiri. Apolisi adamutsekera masiku anayi, majenereta n'kulandidwa. Anthu omwe adali okonzeka kugula adagonabe mumdima. Apa Sowell ali ndi mfundo, ndipo woikana akudzinamiza: bamboyu adabweretsa katundu yemwe kudalibe, ndi ndalama zake, pamsewu woopsa.

Koma si onse okweza mitengo amene amabweretsa kanthu. Mu 1986 Daniel Kahneman, Jack Knetsch ndi Richard Thaler adafunsa anthu za sitolo yomwe yakweza fosholo kuchoka pa madola 15 kufika pa 20 m'mawa woti chipale chofewa chatseka misewu. Anthu 82 pa 100 alionse adati n'kupanda chilungamo. Anthuwo sadali mbuli pa zachuma ayi. Adaona kuti fosholoyo idali kale pashelefu dzulo lake, mwini sitolo sadaonjezepo thukuta lililonse, changosintha ndi kuvutika kwa wogula. Maganizo omwewa ndi amene adatsutsa kampani ya Dis-Chem ku South Africa mu 2020, pomwe bwalo loona za mpikisano pa malonda lidailipitsa R1.2 miliyoni chifukwa chokweza mtengo wa mamasiki mliri wa Covid-19 utangoyamba.

Palinso china chimene chiphunzitso cha msika chimadumpha. Amati mtengo wokwera umapereka katundu kwa amene akumufuna kwambiri. Zoona zake, umapereka kwa amene adali ndi ndalama tsoka lisanagwe. Mayi amene madzi amukokolera nyumba, mbuzi ndi kachikwama komwe amafuna ufa kuposa wina aliyense, koma pamsika kufuna kwake sikuwerengedwa. Katswiri wa zachuma Amartya Sen adaonetsa zimenezi m'buku lake la 1981 pofufuza njala ya ku Bengal ya 1943, yomwe idapha anthu pakati pa 2 ndi 3 miliyoni: mpunga sudatheretu m'dzikomo, koma mtengo wake udathawa malipiro a aganyu, asodzi ndi amisiri, ena akuusunga podikira kuti ukwerebe.

Amalawi sachita kuuzidwa za Bengal kuti amve zimenezi. Kumayambiriro kwa 2001 mvula yochuluka ndi madzi osefukira zidaononga minda, ndipo zokolola za chimanga zidatsika kuchoka pa matani pafupifupi 2.5 miliyoni chaka chapitacho kufika pa 1.7 miliyoni. Kuchepa kotereku dziko likadatha kukupirira likadakhala ndi chosunga. Koma nkhokwe za boma, zomwe zidali ndi matani pafupifupi 167,000, zidali zitagulitsidwa. Bungwe la IMF lidalangiza kuti chimangacho chichepetsedwe pofuna kubweza ngongole ya NFRA, bungwe losamala nkhokwezo. Chomwe chidachitika n'chakuti pafupifupi chonse chidapita, ndipo china chidagwera m'manja mwa anthu amene adachitsekera m'magodauni kudikira miyezi ya njala.

Chimanga chomwe alimi adagulitsa pa K4 kapena K5 pa kilogalamu atangokolola chidafika pa K40 m'misika ina pofika Febuluwale 2002. Mabanja adagulitsa mbuzi, njinga ndi ziwiya pa mtengo wolira kuti apeze kambale ka gaga, ena n'kumadya mizu ndi zitsinde za nthochi. Munthu amene adagula chimanga cha m'nkhokwe motchipa n'kuchikhalira sangafanizidwe ndi bambo wa majenereta uja. Wokhalira chimangayu sadawoloke mtsinje kapena kuyenda usiku kuti abweretse chakudya. Adachichotsa pamsika kuti njala imugwirire ntchito.

Mtengo wokwerawo sudaitane chimanga msanga monga amanenera mabuku. Dziko lopanda dokoli, lomwe misewu ndi njanji zake zodutsa ku Mozambique zidali zofooka, lidadikira miyezi kuti chimanga chogula kunja chifike, ndipo chitafika ADMARC idachigulitsa pa K17 pa kilogalamu. Pulezidenti Bakili Muluzi adalengeza kuti m'dziko mwagwa tsoka la njala pa 27 Febuluwale 2002, anthu atayamba kale kuikidwa m'manda.