Pamene nduna zinayamba kufunsidwa pamaso pathu

Nthawi ya Kamuzu m'Malawi muno munalibe wailesi ya kanema, ndipo wailesi ya MBC sinkafunsa nduna mafunso oluma. Inkangoulutsa zimene mtsogoleri wanena, ife kwathu ku Ntchisi n'kumamvetsera chete. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, ambiri ku Dowa ndi Ntchisi adavotera ulamuliro wa chipani chimodzi. Kupanikiza wamkulu pagulu tinkakutcha mwano.

Television Malawi idayamba mu 1999, mu ulamuliro wa Bakili Muluzi, koma inali ya boma, komanso kumapiri kuno magetsi anali osowa. Makutu athu adatsekuka ndi wailesi ya Zodiak, imene Gospel Kazako adakhazikitsa mu 2005, makamaka pulogalamu ya Tiuzeni Zoona. Kenaka maso adaona Brian Banda pa Times TV akubwereza funso limene wandale walizemba.

M'tiyirumu ina pa Mponela ndidaona madala akupukusa mitu poonera Brian Banda, ati mwanayu alibe mwambo, pamene anyamata a kabaza ankaombera m'manja, tiyi akuzizira m'makapu.

Ine ndili mbali ya anyamatawo, chifukwa wopempha voti yanga ayenera kuyankha za mtengo wa feteleza ndi misewu yathu. Chokhacho, inu atolankhani, muzimulola amalize mawu ake, monga zimakhalira pabwalo la amfumu.