Mwana Wofunsa ndi Mwana Womvera m'Sukulu za ku Blantyre

Amishoni a Church of Scotland atafika ku Blantyre mu 1876, sukulu yawo inkasula aphunzitsi, akalipentala, amisiri a njerwa ndi osindikiza mabuku. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene David Clement Scott anamanga kuyambira 1888 mpaka 1891, ndi ntchito ya manja a Amalawi ophunzira pamishoni pomwepo. Scott ankakhulupirira kuti munthu wakuda angathe kutsogolera mpingo wake. Azungu a minda ya khofi ndi makampani a malonda ankafuna zina: kalaliki wodziwa kuwerengera matumba, ndi kapitawo woyankha kuti "inde, bwana" basi.

Koma wodziwa kuwerenga kalata ya bwana amawerenganso Baibulo, ndipo akawerenga amafunsa. John Chilembwe, amene anabwerako ku America mu 1900 n'kutsegula Providence Industrial Mission ku Mbombwe, anafunsa za thangata, za msonkho, ndi za anyamata otengedwa kukafera nkhondo ya eni ake. Ataukira boma mu Januwale 1915, mmodzi mwa ophedwa ndi atsamunda anali John Gray Kufa, wophunzira za chipatala wa Blantyre Mission. Pakafukufuku wa boma wokhudza kuukirako, azungu a minda analoza chala sukulu za mishoni kuti zikupatsa anthu akuda mwano. Alexander Hetherwick, mkulu wa mishoni, anaikira kumbuyo sukuluzo, nadandaulanso za khalidwe lokakamiza munthu wakuda kuvulira chipewa mzungu aliyense wokumana naye panjira. Nkhani ya chipewayo imandikhudza mpaka lero, chifukwa mkangano wonse wa maphunzirowa unagona pamenepo.

Boma linakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mu 1926, likukokomeza ulimi ndi ntchito zamanja. Sekondale yoyamba, Blantyre Secondary School, inachita kudikira mpaka 1940. Pasanathe zaka zisanu, ophunzira akale a m'mamishoni, monga James Sangala ndi Levi Mumba, anali atayambitsa Nyasaland African Congress mumzinda womwewu.

Ufulu wa 1964 unachulukitsa sukulu, ndipo Yunivesite ya Malawi inayambira ku Chichiri mu 1965. Komatu a Kamuzu Banda anaika nsanamira zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Kufunsa sikunali m'gulumo. Ana ankasiya makalasi kukandanda mumsewu wa ku Chileka kuombera m'manja Ngwazi, bungwe loletsa mabuku linayamba mu 1968, ndipo mphunzitsi ankayamba wasuzumira pawindo asanayankhe funso la ndale. Ngakhale zinali choncho, maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo yodzudzula boma pa 8 Malichi 1992, ophunzira a Chancellor College ndi Polytechnic ndiwo anali m'gulu loyamba kutuluka mumsewu, asanatsatire antchito a fakitale ya nsalu ya David Whitehead mu Meyi.

Pulayimale yaulere ya 1994 inakweza chiwerengero cha ana kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Chinali chinthu chabwino, koma chinadza ndi chete wamtundu wina. Ku Ndirande, Bangwe kapena Chilomoni, mphunzitsi woyang'anizana ndi ana oposa zana amangolemba pabolodi, ana n'kukopera, n'kuloweza, kudikira mayeso a MANEB a Sitandade 8. Sindimudzudzula mphunzitsiyo. Funso limodzi la mwana limadya mphindi zimene iye alibe, ndipo kunyumba nakonso mwana wofunsafunsa timamutcha wamwano.

Mantha akalewo sanathe. Mu Febuluwale 2011 mkulu wa apolisi anaitanitsa mphunzitsi Blessings Chinsinga wa ku Chancellor College chifukwa cha chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, ndipo aphunzitsi ananyanyala miyezi yambirimbiri, a ku Polytechnic nawonso akuwathandiza.

Masiku ano ambiri omaliza Fomu 4 sapeza n'komwe bwana woti azimumvera. Ali pa kabaza, pa benchi ya Airtel Money, kapena akugulitsa kaunjika mumsika wa Limbe, kumene mtengo wa belo umasintha ndi kugwa kwa kwacha, ndipo mawa lake ayenera kudziwerengera okha ngati aodenso kapena ayi.