Kuchokera mumphika wa ku Tokyo kufika mu ubongo wa khanda

Mu 1908, Kikunae Ikeda wa payunivesite ya Tokyo ankafuna kudziwa chomwe chimakometsa msuzi wa kombu, ndere za m'nyanja zomwe anthu a ku Japan amaphikira. Anapeza kuti ndi glutamate, ndipo chaka chotsatira mchere wake unayamba kugulitsidwa ndi dzina loti Ajinomoto. Panthawiyo nkhani yonse inali ya kukhitchini basi.

Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1950. Takashi Hayashi wa payunivesite ya Keio anathira glutamate pa ubongo wa agalu, agaluwo n'kuyamba kuphupha ngati akudwala khunyu. Ku Canberra, David Curtis ndi Jeffrey Watkins anaona kuti mankhwalawa akudzutsa pafupifupi selo lililonse la mitsempha lomwe alikhudza. Chodabwitsa n'chakuti zimenezi n'zomwe zinawakayikitsa. Chinthu chopezeka paliponse m'thupi, chodzutsa selo lililonse mosasankha, chingakhale bwanji mthenga wa ubongo? Panadutsa zaka pafupifupi 20 asayansi asanavomereze kuti ndi glutamate yemwe amanyamula mauthenga ambiri odzutsa maselo mu ubongo.

Nanga uthengawo umalowera pati? Selo lili ndi tizipata tomwe timatseguka glutamate akafika. Mu 1989, gulu la Stephen Heinemann ku California linapeza jini yoyamba yopanga tizipata totere, ndipo mu 1991 gulu la Shigetada Nakanishi ku Kyoto linapeza ya mtundu wotchedwa NMDA. Kachipata ka NMDA kamamangidwa ndi zidutswa zinayi: ziwiri za GluN1 ndi ziwiri zina zomwe zimatha kusinthidwa, monga GluN2A ndi GluN2B.

Apa ndi pomwe nkhaniyi imakoma. Mu 1994, Hannah Monyer ndi Peter Seeburg ku Heidelberg, komanso Morgan Sheng ndi anzake ku San Francisco, anasonyeza kuti khoswe akamabadwa, gawo lakunja la ubongo wake, lotchedwa cortex, limakhala ndi chidutswa cha GluN2B chochuluka. M'masabata otsatira GluN2A imawonjezeka. Kusiyana kwake n'kwakukulu: kachipata kokhala ndi GluN2B kamachedwa kutseka, motero calcium wambiri amalowa ndipo maselo amalumikizana mosavuta, pamene ka GluN2A kamatseka msanga. Ubongo wa khanda uli ngati dongo lomwe woumba mbiya akadali nalo m'manja, ndipo kusinthana kwa zidutswazi kumayendera limodzi ndi kuuma kwake.

Mu 1996, gulu la Masayoshi Mishina ku Japan linachotsa jini ya GluN2B mwa mbewa. Tiana tinabadwa ndithu, koma sitinkatha kuyamwa, ndipo tinkafa tikangobadwa kumene pokhapokha titadyetsedwa pamanja.

Kafukufuku wofunika kwambiri pa onsewa ndi wa Elizabeth Quinlan ndi Mark Bear wa mu 1999. Iwo analera makoswe mumdima, n'kupeza kuti GluN2A ndi yochepa m'chigawo cha ubongo chomwe chimathandiza kuona. Atawatulutsira poyera, GluN2A inawonjezeka pasanathe maola awiri. Choncho si msinkhu wokha womwe umakhwimitsa ubongo, zomwe maso aona zili ndi mbali yake.

Mu 2010, madokotala ku Germany analengeza kuti apeza majini a zidutswa ziwirizi, GRIN2A ndi GRIN2B, atawonongeka mwa anthu ena odwala khunyu kapena ovutika kuphunzira kuyambira ali ana. Lero majiniwa ali m'gulu la omwe zipatala zazikulu zimayeza mwana akamagwa khunyu losadziwika gwero lake.