Khansa ya Burkitt ndi Mapu a Malungo

Khansa ya Burkitt ndi matenda a maselo oyera a m'magazi, a gulu lotchedwa B, omwe ntchito yawo ndi kuteteza thupi. Imagwira makamaka ana aang'ono, ndipo kawirikawiri imatupitsa nsagwada, m'mimba kapena kuseri kwa diso. Monga khansa iliyonse, imayamba pamene selo limodzi lasiya kumvera malamulo a thupi n'kuyamba kuchulukana mosaleka. Chomwe chimaisiyanitsa ndi zinzake ndi liwiro: maselo ake amatha kuwirikiza kawiri m'masiku awiri okha.

Dzinali linachokera kwa Denis Burkitt, dokotala wa maopaleshoni wa ku Ireland yemwe ankagwira ntchito pachipatala cha Mulago ku Kampala, m'dziko la Uganda. Mu 1957 anaona mnyamata wotupa nsagwada mbali zonse, ndipo pasanapite nthawi anaonanso mwana wina wotupa chimodzimodzi. Atafufuza m'mabuku akale a chipatalacho anapeza kuti ana oterewa analipo ambiri, kungoti palibe amene anali atawaika pamodzi. Mu 1958 anafalitsa nkhani ya ana 38 m'magazini ya British Journal of Surgery. Madokotala ambiri sanaiikeko mtima.

Burkitt sanagwe ulesi. Anatumiza zithunzi ndi mafunso kuzipatala za boma ndi za mishoni m'maiko ambiri a mu Africa, kufunsa ngati matendawa amaoneka kwawoko. Kenaka mu 1961, iye ndi madokotala anzake awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, anakwera galimoto yakale ya Ford n'kuyenda mtunda wa mamailosi pafupifupi 10,000 m'masabata 10. Anadutsa ku Tanganyika, Northern Rhodesia, Nyasaland, Mozambique, Southern Rhodesia mpaka ku South Africa, akuima pazipatala zoposa 50. Ndalama zomwe anali nazo zinali zochepa kwambiri, komatu ulendowu ndi umodzi mwa ntchito zofunika kwambiri m'mbiri ya kafukufuku wa khansa, chifukwa unasonyeza kuti malo amene munthu amakhala angathe kuulula chiyambi cha matenda ake.

Zomwe anapeza zinali zodabwitsa. Khansayi inkachuluka m'madera otentha ndi a chinyontho, koma inkasowa m'mapiri mozizira. Ku Nyasaland, komwe lero ndi ku Malawi, odwala ankachokera makamaka m'mphepete mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire. Mapu oterewa ankafanana ndi a matenda ofalitsidwa ndi udzudzu, choncho ambiri anayamba kuganiza kuti udzudzuwo umanyamula vayirasi yoyambitsa khansa.

Ganizoli linafika m'makutu mwa Anthony Epstein, yemwe anamvetsera Burkitt akulankhula pachipatala cha Middlesex ku London mu 1961. Anapempha kuti azimutumizira zidutswa za zotupa kuchokera ku Kampala pandege. Patatha zaka zitatu zoyesayesa, mu 1964, Epstein pamodzi ndi Yvonne Barr ndi Bert Achong anaona vayirasi yatsopano m'maselowo. Vayirasi ya Epstein-Barr inakhala yoyamba kudziwika kuti imakhudzana ndi khansa ya anthu. Koma panabuka vuto: inapezeka kuti ili m'matupi a anthu ambiri padziko lonse, ndipo imafala kudzera m'malovu, osati mwa udzudzu. Nanga bwanji khansayo inkatsata zigwa zotentha? Yankho linali malungo. Mwana akamadwala malungo mobwerezabwereza, maselo a B amakakamizika kuchulukana kwambiri, pomwe mphamvu ya thupi yoletsa vayirasi ija imafooka.

Mfundo yotsiriza inapezeka mkati mwa selo. M'zaka za m'ma 1970 akatswiri anaona kuti m'maselo a khansayi chidutswa cha chromosome 8 (ma chromosome ndi timaulusi ta m'selo tosunga malangizo a chibadwa) chimaduka n'kukalumikizika pa chromosome 14. Mu 1982 kunadziwika kuti pachidutswacho pali malangizo otchedwa MYC, omwe amauza selo kuti ligawikane. Akasamukira pamalo atsopanowo, MYC sazimanso.

Liwiro la khansayi ndi lomwenso limaigonjetsa, pakuti mankhwala a khansa amapha msanga maselo ogawikana mofulumira. M'zaka za m'ma 1960, Burkitt ku Kampala ndi Peter Clifford ku Nairobi anapereka methotrexate ndi cyclophosphamide kwa ana odwala, ndipo zotupa zina zinaphwa m'masiku ochepa. Ana ena anachiriratu ndi mankhwala okha, popanda mpeni, zomwe zinali zachilendo nthawi imeneyo.

Ku Malawi khansayi yakhala ili pakati pa khansa zofala kwambiri mwa ana. Pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Elizabeth Molyneux ndi anzake anayesa kwa zaka zambiri njira zotsika mtengo zogwiritsa ntchito cyclophosphamide, zomwe mwana wofooka ndi njala angazipirire. Njirazi zimachiritsa pafupifupi theka la odwala, pomwe m'maiko olemera ana 9 mwa 10 alionse amachira. Kusiyanaku kumadza chifukwa ana ambiri amafika kuchipatala chotupa chitafalikira kale, ena amalekezera mankhwala panjira posowa ndalama zoyendera, ndipo mankhwala amphamvu a kumaiko olemera amafuna magazi okwanira ndi chisamaliro chapadera kuti mwana asafe ndi matenda ena chitetezo chake chikatsika.