Mbiri ya Sola ndi Filiji Yonyamulika m'Chidikha cha Kasungu

Filiji yaing'ono yoyenda m'galimoto, imene alendo ena amafika nayo ku Lifupa akamakagona m'matenti m'nkhalango ya Kasungu, ili ndi mbiri imene m'chidikha cha fodya chimenechi siinayambire m'zosangalatsa, koma m'zipatala zakumudzi ndi m'mabanja ofuna kumvera wailesi. Magetsi a dziko lino amachokera makamaka ku mtsinje wa Shire, kumene siteshoni ya Nkula inayamba kugwira ntchito mu 1966, ndipo nthambo za ESCOM zitafika m'chigawo chapakati zinatsata matauni ndi misika ikuluikulu, midzi ya alimi ndi nyumba za matenanti m'maesiteti n'kutsala zikudalira koloboyi.

Filiji yoyamba kudziwika kumadera otere inali ya palafini. Njira yake anaitulukira mu 1922 ophunzira awiri a ku Sweden, Baltzar von Platen ndi Carl Munters, ndipo chodabwitsa chake n'chakuti imaziziritsa pogwiritsa ntchito moto, popeza kalawi kakang'ono kamatenthetsa madzi osakaniza ndi amoniya, ndipo amoniyayo pozungulira m'mipope amakoka kutentha kwa m'kati mwa filiji. Bungwe la WHO litayambitsa ndondomeko yofalitsa katemera wa ana mu 1974, filiji zimenezi zinakhala msana wa ntchito ya sikelo, chifukwa katemera wambiri amafunika kusungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Koma zinali zovuta kuzisamala: chingwe chake chinkafunika kudulidwa mosamala kuti lawi likhale lobiriwira osati lamwaye, palafini ankatha pamene msewu wadulidwa ndi mvula, ndiponso filijiyo ikapendekeka inkasiya kuziziritsa, chimene chinaichititsa kukhala yosayenera m'galimoto yoyenda m'misewu ya fumbi. Chotero katemera ankapita kumidzi m'kabokosi kokhala ndi madzi oundana, komangidwa pakaliyala ya njinga ya wazaumoyo.

Panelo ya sola, imene imasandutsa kuwala kwa dzuwa kukhala magetsi, inayamba kukhala yothandiza mu 1954 ku Bell Laboratories ku America, ngakhale kuti inkagwira magawo 6 okha pa 100 a mphamvu yoigwera, ndipo kwa zaka zambiri mtengo wake unali wosafikirika kwa mlimi wamba. Chimene mlimi wa ku Kasungu anayamba kukhala nacho chinali batire ya galimoto, yogulidwa mabelo a fodya akagulitsidwa ku okushoni, imene inkanyamulidwa panjinga kukatchajitsa kumsika. Pamenepa mpamene nkhani ya William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe imamvekera bwino. Atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, iye anamanga makina oyendera mphepo pogwiritsa ntchito dayinamo ya njinga ndi zitsulo zotola, nayatsa mababu panyumba, ndipo anthu oyandikana naye ankabwera kudzatchajitsa mafoni. Nzeru yake inaonetsa msanga chimene midzi inkafuna, chomwe sichinali magetsi ochuluka, koma ochepa opezeka tsiku lililonse.

Mitengo ya mapanelo itatsika kwambiri m'zaka za m'ma 2010, zinaonekeratu kuti vuto lenileni silinali kupeza dzuwa, koma kusunga mphamvu yake. Sola yokwanira ili ndi panelo, batire, ndi kachipangizo koikidwa pakati pa ziwirizi koletsa batire kudzaza mopyola kapena kuphweratu; amene amalumikiza panelo ku batire mwachindunji pofuna kupulumutsa ndalama amaiona batireyo ikufa msanga, makamaka ya mtovu ndi asidi, imene siipirira kukamidwa kupyola theka kawirikawiri. N'chifukwa chake filiji zoyamba za sola m'zipatala zinkaima batire ikangofa, mpaka pamene kunabwera mtundu wosafuna batire, umene masana umaumitsa madzi m'zipupa zake kuti madzi oundanawo asunge katemera usiku wonse. Kusintha kumeneku n'kofunika kuposa kwina kulikonse m'mbiri imeneyi, chifukwa kunachotsa chiwalo chimene chinkafa msanga ndiponso kubedwa.

Filiji ya m'galimoto inadzera njira ina. Makampani monga Engel wa ku Japan anapanga filiji zokhala ndi kompuresa yoyendera mavoti 12, imene siisamala kugwedezeka kapena kupendekeka, ndipo eni magalimoto a maulendo ataliatali anaphunzira kuika batire yachiwiri, yosiyana ndi yolizira injini, kuti m'mawa galimoto isakanike kulira. Panelo yapadenga kapena yopindika ndiyo imadzaza batire yachiwiriyo galimoto ikaima masiku angapo, monga zimafunikira m'nkhalango ya Kasungu, imene inakhazikitsidwa kukhala paki mu 1970 ndipo inalandira njovu zoposa 250 kuchokera ku Liwonde mu 2022.

Chaka chomwecho namondwe wa Ana anaononga siteshoni ya Kapichira, magetsi n'kumathimathima m'dziko lonse, ndipo ngakhale a m'tauni amene anali ndi nthambo za ESCOM anayamba kufunafuna sola kuti mafilizesi, mkaka ndi nyama zisaonongeke. Mabatire a lithiamu, opepuka ndi okhalitsa, afika pamsika, koma mtengo wake ukadali wa mwini galimoto ya alendo osati wa tenanti, amene ndalama zake zimabwera kamodzi pachaka msika wa fodya wa Chinkhoma ukatsegulidwa, pamene batire yake imafooka kwambiri mu Januwale ndi Febuluwale, miyezi ya mitambo imene m'thumba mulibe kanthu.